TIZIPATA TIMENE TIGUNDITSA MTIMA

 Nkhani yathu ya lero ndi ya mtima, makamaka ya tizipata ting'onoting'ono ta m'mnofu wa mtima. Maso sangathe kutiona, koma moyo wa munthu ali yense utsamira pa ito.

Taikani zala ziwiri pamkono panu, munsi mwa cala cacikulu, ndipo mudzamva mtsempha ulikugunda. Munthu wamkulu akakhala cete, mtima wace ugunda pafupifupi ka 70 pa miniti imodzi, ndiko kunena kuti ka 100,000 pa tsiku. Kugunda kuli konse kuyamba ndi kamphamvu ka magetsi, ndipo magetsi amenewo apangika pamene mcere ulowa ndi kutuluka pa tizipata tija. Tizipatato tiyenera kutseguka ndi kutsekeka motsatana, kali konse pa nthawi yace. Mtundu umodzi ukacedwa, ngakhale ndi kagawo kocepa ka sekondi, mnyamata wamphamvu angathe kugwa pabwalo la mpira ndi kufera pomwepo, ndipo madotolo pong'amba mtembo wace sapeza cilema ciri conse pamtima. Imfa yotere isiya mafunso owawa pabanja, ndipo nthawi zina abale amalozana zala. Ncifukwa cace tifuna kuti mumvetse macitidwe a tizipata timeneti.

MICERE ITATU

Tiyambe ndi mcere. M'zaka za 1882 ndi 1883 dotolo wina wa ku London, dzina lace Sydney Ringer, analikuyesa mitima ya acule. Iye amacotsa mtima m'thupi la cule, nauika m'madzi a mcere, kuti aone ngati udzagundabe. Mitima ija inagunda nthawi yaitali. Koma pambuyo pace Ringer anatulukira kuti munthu womthandiza amasungunula mcerewo m'madzi a pampopi, cinkana anayenera kutenga madzi ochezedwa, monga achezera kacasu, amene alibe kanthu kena m'kati. Atabwereza nchitoyo ndi madzi ochezedwa, mitima inafooka nileka kugunda msanga. Madzi a pampopi a ku London anali ndi mcere wina wocepa, dzina lace kalisiyamu, ndipo ndiwo umene umasunga mitimayo. Potero Ringer anaonetsa kuti mtima ufuna micere itatu pamodzi, uli wonse pa muyeso wace: sodiyamu, potaziyamu ndi kalisiyamu.

Maina awa ndi acilendo, koma zinthu zace tizidziwa. Sodiyamu ali mu mcere umene tithira m'ndiwo. Potaziyamu apezeka m'nthoci, m'nyemba, m'mbatata ndi m'phulusa. Cidulo cimene amai athira m'thelere ciri ndi potaziyamu wambiri. Kalisiyamu ali m'mafupa, mu mkaka, ndi m'matemba kapena kapenta, nsomba zimene tidya ndi minga yomwe. Micere imeneyi ikasungunuka m'madzi igawanika, nikhala tizidutswa ting'onoting'ono tosenza mphamvu ya magetsi. Kacidutswa kotere akachula kuti ayoni. Magetsi ali ndi mbali ziwiri, monga batire liri ndi mitu iwiri, wa pozitivi ndi wa negetivi. Ma-ayoni a sodiyamu, potaziyamu ndi kalisiyamu onse ndi a pozitivi.

LINGA LA SELO

Mnofu wa mtima ndi womangidwa ndi tizipinda tamoyo tosawerengeka, dzina lace maselo. Selo limodzi la mtima kutalika kwace ndi ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Selo liri lonse lazingidwa ndi kakhungu kopyapyala ka mafuta, monga linga lizinga mudzi. Tsono mcere susungunuka m'mafuta. Cotero ma-ayoni sangathe kuboola lingalo. Adutsa pokhapo pamene pali cipata.

M'lingamo muli makina ang'onoang'ono opopa, amene agwira nchito usana ndi usiku. Pa kupopa kuli konse atulutsa ma-ayoni 3 a sodiyamu, nalowetsa 2 a potaziyamu. Amene anawatulukira ndiye Jens Skou wa ku Denmark, m'caka ca 1957, pofufuza mitsempha ya nkhanu. Cifukwa ca kupopaku, kunja kwa selo sodiyamu aculuka koposa ka 10 poyerekeza ndi m'kati, ndipo m'kati potaziyamu aculuka pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunja. Ziri monga madzi a pa Kariba: achingidwa ndi khoma, ndipo pamene njira yace itsegulidwa athamanga okha ndi mphamvu, napanga magetsi. Sodiyamu alikudikira kulowa, potaziyamu alikudikira kutuluka. Cimene ciwachinga ndi zipata zotseka.

Selo likamapuma, m'kati mwace muli negetivi poyerekeza ndi kunja, ndipo kusiyanako ndi pafupifupi mamilivoti 90. Batire limodzi la toci liposa mphamvu imeneyi ka 16. Ndi mphamvu yocepa ndithu, koma ikwanira.

KUGUNDA KUMODZI

Mtima uli ndi zipinda 4, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Pa cipinda ca pamwamba ca kumanja pali kamfundo ka maselo, kamene Arthur Keith ndi Martin Flack anakapeza ku England, nakafotokoza m'caka ca 1907. Maselo a pamenepo sapuma konse, pakuti ali ndi zipata zimene zilowetsa ma-ayoni pang'onopang'ono kufikira muyeso utakwana, ndipo pamenepo atumiza cizindikiro ca magetsi. Cizindikiroco ciyenda kucokera ku selo kunka ku linzace mpaka mtima wonse walandira. Tiyeni tione cimene cicitika m'selo limodzi la zipinda za pansi, zimene zikankha magazi.

Coyamba, zipata za sodiyamu zitseguka, ndipo sodiyamu athamangira m'kati. Sekondi imodzi mutaigawa magawo 1,000, gawo limodzi alichula milisekondi. Tsono pa milisekondi imodzi kapena ziwiri, m'kati mwa selo mwasanduka pozitivi. Zipatazo zidzitseka zokha nthawi yomweyo.

Caciwiri, zipata za kalisiyamu zitseguka, nizikhala zotseguka nthawi yotalikirapo. Kalisiyamu wolowayo ndi wocepa, koma atsegula nkhokwe ya kalisiyamu wambiri imene iri m'kati mwa selo. Kalisiyamu ameneyo ndiye afinyitsa mnofu, ndipo magazi akankhidwira kumapapo ndi kuthupi lonse.

Cacitatu, zipata za potaziyamu zitseguka, potaziyamu natuluka, ndipo m'kati mwa selo mubwerera ku negetivi. Mnofu umasuka, zipinda nizidzazanso magazi. Zipata zazikulu pa nchito iyi ndi za mitundu iwiri. Cina ndi cofulumira, dzina lace hERG. Cinzace ndi cocita pang'onopang'ono, dzina lace KCNQ1, ndipo ici cionjeza mphamvu pamene munthu alikuthamanga kapena wacita mantha, kuti selo libwerere msanga mwakale ndi kukonzekera kugunda kofulumira.

Zonsezi zitenga pafupifupi mamilisekondi 300. Pa nthawi imeneyo selo silingayambe kugunda kwina, ndipo ici ndico citeteza mtima. Taganizani za amai awiri osinja mu mtondo umodzi. Munsi wina ukatsika, wina ukwera. Koma wina akacedwa kukweza munsi wace, minsi igundana, cimanga nicitayika. Comweco ndi mtima: kugunda kwatsopano kukabwera kwakale kusanathe, mtima usokonezeka.

MAPANGIDWE A CIPATA

Anthu anadziwa za zipata zimenezi kalekale asanazione. M'caka ca 1952 Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley anafalitsa zimene anapeza ku Plymouth, ku England, popima mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yamcere, dzina lace squid. Anaonetsa kuti sodiyamu ndi potaziyamu ali ndi njira zosiyana, ndi kuti njirazo zitseguka ndi kutsekeka monga mwa mphamvu ya magetsi. M'caka ca 1976 Erwin Neher ndi Bert Sakmann a ku Göttingen, ku Germany, anagunditsa kapaipi kagalasi kopyapyala pakhungu la selo, napima magetsi odutsa pa cipata cimodzi cokha. Anaona cipata ciri kutseguka ndi kutsekeka mwadzidzidzi, monga munthu ayatsa ndi kuzima getsi. Ndipo m'caka ca 1998 Roderick MacKinnon wa ku Rockefeller University, ku New York, anaonetsa cithunzi coyamba ca cipata ca potaziyamu, cimene anacitenga m'kacirombo ka m'dothi, nacijambula ndi X-ray. Onsewa analandira mphotho ya Nobel, m'zaka za 1963, 1991 ndi 2003.

Cipata ciri conse ndi puloteni. Puloteni iri ngati cingwe ca mikanda, ndipo mikandayo ndi ya mitundu 20. Cingweco cipindika mwa njira yaceyace, nicilowa ndi kutuluka m'linga la selo, monga singano ilowa ndi kutuluka m'nsalu. Cipata ca potaziyamu ndi ca zingwe 4 zoima mozungulira, nizisiya kauna pakati. Cipata ca sodiyamu ca mtima ndi cingwe cimodzi cacitali, ca mikanda 2,016, copindika m'zigawo 4 mozungulira kauna komweko. Pa cipata pali ziwalo zitatu zofunika kuzidziwa.

Ciwalo coyamba ndi cosefera, cimene ciri kukamwa kwa kunja. Pano pali codabwitsa. Ayoni wa potaziyamu ndi wamkulu kuposa wa sodiyamu, koma cipata ca potaziyamu cilola potaziyamu, nicikaniza sodiyamu. Ziri ngati cipata ca khola cimene ng'ombe ipitapo koma mbuzi ikanika. Nanga zitheka bwanji? Ayoni ali yense akakhala m'madzi abvala cobvala ca madzi, ndiwo timadontho tomkangamira mbali zonse. Cosefera ndi copanikiza, kotero kuti wolowamo ayenera kubvula. Tsono m'mbali mwa cosefera mwandandalikidwa maatomu a okosijeni, otalikirana pa muyeso weniweni wa potaziyamu. Potaziyamu akabvula madzi, maatomuwo amgwira mbali zonse monga madzi aja amacitira, ndipo adutsa mosabvuta. Koma sodiyamu ndi wamng'ono, ndipo maatomuwo samkwana bwino. Cotero akakamira cobvala cace ca madzi, ndipo naco cobvalaco sangathe kulowa. Coseferaco ndi cacifupi kwambiri: milimita imodzi mutaigawa magawo 1,000,000, kutalika kwace ndi gawo limodzi ndi pang'ono. Koma pa sekondi imodzi pangathe kudutsa ma-ayoni ofika 100,000,000, ali pamzere, wina kukankha mnzace.

Ciwalo caciwiri ndi citseko, cimene ciri kukamwa kwa m'kati. Kumeneko zingwe zija zikumana monga kukamwa kwa thumba lomanga. Zikatasuka, njira yatseguka.

Ciwalo cacitatu ndi comvera magetsi. M'cigawo ciri conse muli kacingwe kokhala ndi mikanda ya pozitivi. Selo likamapuma, negetivi ya m'kati ikakokera pansi. Cizindikiro ca magetsi cikafika, kacingweko kasunthira kunja, nikakoka citseko, monga msampha ufwamphuka ukakhudzidwa. Cipata ca sodiyamu ciri ndi kacitseko kena ka m'kati, kamene katseka njira citangotseguka cipataco. Kacitseko kameneka mukakumbukire, pakuti tikumana nako kutsogoloku.

M'zaka zaposacedwa akatswiri aphunzira kuumitsa mapuloteni m'madzi oundana ndi kuwajambula ndi makina okulitsa zinthu a ma-elekitironi. Mwa njira imeneyi MacKinnon ndi anzace anaonetsa mapangidwe a hERG m'caka ca 2017, ndipo William Catterall ndi anzace a ku Seattle anaonetsa cipata ca sodiyamu ca mtima m'caka ca 2020.

CIPATA CIKALAKWIKA

Magetsi a mtima afika mpaka pakhungu, ndipo angathe kulembedwa papepala. Willem Einthoven wa ku Leiden, ku Holland, anapanga makina a nchito imeneyi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Masiku amenewo wopimidwa amabviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi a mcere. Lero makinawo ndi ang'ono, ndipo dzina lace ndi ECG. Mzere umene alemba uli ndi timapiri ndi tizigwa, timene Einthoven anatipatsa malemba P, Q, R, S ndi T. Kucokera pa Q kufika kumapeto a T ndiyo nthawi yoyambira pamene zipata za sodiyamu zitseguka kulekeza pamene za potaziyamu zatsiriza nchito. Mwa munthu wabwino, mtima ukamagunda ka 60 pa miniti, nthawiyi kawirikawiri siposa mamilisekondi 450 kapena 460. Ikapitirira 500, ngozi yakula.

M'caka ca 1957 madotolo awiri a ku Norway, Anton Jervell ndi Fred Lange-Nielsen, analemba za banja lina la ana 6. Ana 4 anabadwa ogontha, ndipo amakomoka akathamanga kapena akadzidzimuka. Atatu a iwo anafa mwadzidzidzi, wina wa zaka 4, wina 5, wina 9. Pa ECG nthawi ya QT inali yaitali. M'zaka za 1963 ndi 1964 Cesarino Romano wa ku Italy ndi Owen Conor Ward wa ku Ireland analemba za mabanja a nthenda yofanana, koma ana ace anali akumva bwino. Nthendayi inachedwa long QT syndrome, ndiko kuti nthenda ya QT yaitali.

Gwero lace linadziwika patapita zaka zoposa 30. Malangizo omangira puloteni iri yonse alembedwa m'cinthu ca m'selo, dzina lace DNA, cimene mwana alandira theka kwa atate, theka kwa amai. Mark Keating ndi anzace a ku University of Utah, ku America, anafufuza DNA ya mabanja odwala, ndipo m'zaka za 1995 ndi 1996 anapeza kuti colakwa ciri m'malangizo a zipata zitatu zimene tazichula kale. Pafupifupi odwala 3 mwa 4 ali onse bvuto lao liri pa cimodzi ca zipata zimenezi.

Mwa ena, cofooka ndi KCNQ1, cipata cija cothandiza pothamanga. Anthu otere ngozi iwapeza pa masewera, makamaka posambira. Mwa ena, cofooka ndi hERG, ndipo iwo akomoka ndi phokoso ladzidzidzi, monga belu la wochi kapena kulira kwa lamya ali mtulo; amai a nthenda iyi akhala pangozi yaikulu miyezi yotsatira kubereka. Mwa enanso, colakwa ciri pa kacitseko kaja ka m'kati ka cipata ca sodiyamu. M'mabanja ena, mwa mikanda 2,016 ija, isoweka 3 yokha. Kacitseko sikatsekeka bwino, ndipo sodiyamu angodontha m'kati nthawi imene anayenera kuleka. Awa ngozi iwapeza kawirikawiri alikupuma kapena ali mtulo.

Kaya potaziyamu acedwa kutuluka, kaya sodiyamu sakuleka kulowa, mathero ace ndi amodzi: selo licedwa kubwerera mwakale. Pa kucedwako zipata za kalisiyamu zimene zinatsekeka zingathe kutsegukanso, nizibweretsa kugunda kosayembekezeka. Minsi ija yagundana. Zipinda za pansi ziyamba kuthamanga koposa ka 200 pa miniti, osakankha magazi okwanira. Dotolo wa ku Paris, François Dessertenne, anafotokoza kugunda kotere m'caka ca 1966, nakuchula torsades de pointes, cifukwa mzere wa pa ECG uoneka ngati cingwe copota. Ubongo ukasowa magazi masekondi ocepa, munthu akomoka, ndipo nthawi zina aphupha ngati wa khunyu. Kawirikawiri mtima ubwerera wokha, munthuyo natsitsimuka. Koma ukapanda kubwerera, afa pa maminiti ocepa.

Nanga ana a ku Norway aja anagontha bwanji? Cipata ca KCNQ1 cipezekanso m'kati mwa khutu, mmene cithira potaziyamu m'madzi ofunika pa kumva. Mwana amene walandira colakwa kwa kholo limodzi amva bwino, koma mtima wace uli pangozi. Amene walandira kwa makolo onse awiri abadwa wogontha, ndipo nthenda ya mtima imkulira.

Nthendayi si yosowa monga anthu amaganizira kale. Ku Italy anapima makanda opitirira 44,000, ndipo m'caka ca 2009 analengeza kuti pafupifupi khanda limodzi mwa 2,500 linapezeka nayo. Ku South Africa, Paul Brink ndi anzace a ku Stellenbosch anatsata mabanja ambiri a Ciafrikaans amene ali ndi mkanda umodzi wosinthika pa KCNQ1, ndiwo wa nambala 341, napeza kuti onsewo ndi zidzukulu za banja limodzi la m'zaka za m'ma 1700. Cinkana colakwa cao ndi cimodzimodzi, ena adwala kwambiri ali ana, ena nakalamba osamva kanthu.

Cipata ca sodiyamu cingathenso kulakwika mwa njira yina, ndiyo kulowetsa sodiyamu wocepa. Ici ndi cimodzi ca zoyambitsa nthenda imene abale awiri a ku Spain, Pedro ndi Josep Brugada, anafotokoza m'caka ca 1992. Ikonda amuna, ndipo ipha usiku munthu ali mtulo. Kutentha kwa thupi kuionjeza. Ku Thailand ndi ku Philippines imfa zotere anazidziwa kalekale, nazipatsa maina m'zinenero zao.

MANKHWALA NDI KUTSEGULA M'MIMBA

Munthu wobadwa ndi zipata zabwino angathenso kulowa m'ngozi yomweyi, ndipo apa nkhani ikhudza ife tonse. Cipata ca hERG ciri ndi kacipinda pakati pa citseko ndi cosefera, kokhala ndi timatumba 4 m'mbali mwace. Mankhwala a mitundumitundu amalowa mmenemo nakanirira, njira ya potaziyamu nitsekeka. Mankhwala a kuyetsemula ndi kuyabwa, dzina lace terfenadine, anacotsedwa pamsika ku America m'caka ca 1998 pa cifukwa cimeneci, ndipo a m'mimba, dzina lace cisapride, m'caka ca 2000. Kuyambira 2005 maiko a ku Ulaya, Japan ndi America anagwirizana kuti mankhwala atsopano aziyesedwa pa hERG asanaloledwe.

Pa mankhwala amene tiwadziwa kuno, kwinini, kolorokwini, erythromycin ndi haloperidol atalikitsa QT. Ncifukwa cace kwinini wa mu mtsempha amthira pang'onopang'ono pa diripi, kwa maora 4, osati mwakamodzi. Mankhwala ena a malungo, dzina lace halofantrine, anapezeka m'caka ca 1993 ku Thailand kuti aononga kagundidwe ka mtima, ndipo anasiyidwa. Koma musaope mankhwala a malungo a kucipatala. Bungwe la WHO linaunika nkhaniyi m'zaka za 2016 ndi 2017, nilipeza kuti, kupatula halofantrine, ngozi ya mtima ndi yocepa ngati mankhwala amwedwa pa muyeso wace. Malungo osacizidwa ndiwo apha anthu ambiri. Coopsa ndico kupitiriza muyeso, kapena kuphatikiza mankhwala awiri atatu ogula pamsika dotolo osadziwa.

Ngozi yina ndiyo kucepa kwa potaziyamu m'magazi. Munthu akatsegula m'mimba kapena kusanza masiku angapo, ataya potaziyamu wambiri, ndipo potaziyamu akacepa m'magazi, cipata ca hERG cifooka. Ncifukwa cace m'paketi ya ORS muli potaziyamu pamodzi ndi mcere ndi shuga. Madzi a shuga ndi mcere opanga kunyumba alibe potaziyamu. Cotero wodwala apatsidwenso nthoci ndi zakudya zina. Komanso potaziyamu woculuka aimitsa mtima, makamaka mwa odwala impso. Muyeso ndiwo ufunika, monga Ringer anaona pa mitima ya acule.

ZIMENE BANJA LINGACITE

Kukomoka kwambiri sikucokera ku mtima. Anthu akomoka ndi njala, dzuwa, kapena kuimirira nthawi yaitali. Koma pali zizindikiro zimene siziyenera kunyozedwa. Mwana kapena wacinyamata akakomoka ali pakati pothamanga, posambira, kapena atadzidzimuka ndi phokoso. Akamagwa ngati wa khunyu koma mankhwala a khunyu osamthandiza. Akakhala wogontha cibadwire ndipo amakomoka. Kapena ngati pamtundu panu wina wosafika zaka 40 anafa mwadzidzidzi osadwala, kapena anamira ali wodziwa kusambira, pitani kucipatala cacikulu, mukafotokoze zonsezi, ndi kupempha ECG. Kupimako sikupweteka, ndipo kutenga maminiti ocepa.

Wina akapezeka ndi nthendayi, apimidwenso makolo ace, abale ace ndi ana ace. Pa mtundu wofala wa nthendayi, mwana ali yense wa kholo lodwala angathe kuilandira kapena kusailandira, mwai wace ndi theka ndi theka. Ingathe kucokera kucimuna kapena kucikazi, ndipo kholo lopatsira lingakhale losadwalapo ciyambire. Palibe amene anacita dala, ndipo palibe wolodza.

Cithandizo ciripo. Mankhwala ochedwa beta blocker, monga propranolol, amene James Black wa ku Scotland anapanga m'zaka za m'ma 1960, ndi nadolol, achinga mphamvu ya mantha ndi kuthamanga kuti isafike pamtima mopitirira, ndipo apulumutsa ambiri. Ayenera kumwedwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Kwa iwo a cipata ca sodiyamu codontha pali mexiletine, amene acepetsa kudonthako. Amene ali pangozi yaikulu amawaika kamakina pansi pa khungu la pacifuwa, kamene kagwedeza mtima ndi magetsi ukasokonezeka. Munthu woyamba anaikidwa kamakina kotere ku Baltimore, ku America, m'caka ca 1980, mwa nchito ya Michel Mirowski ndi anzace. Wodwala nthendayi auze dotolo kapena wogulitsa mankhwala za nthenda yace asanalandire mankhwala ali onse, ngakhale a cimfine. Paja safunsa anadya phula.

Potsiriza, munthu akagwa mwadzidzidzi, osayankha ndiponso osapuma bwino, musataye nthawi ndi kumthira madzi kapena kumpepesa ndi nsalu. Mgonekeni cagada pamalo olimba, ikani manja anu awiri pakati pa cifuwa cace, ndi kukanikiza mwamphamvu ka 100 kufikira ka 120 pa miniti, osaleka, pamene wina athamangira cithandizo. Manja anu akankha magazi kunka kuubongo m'malo mwa mtima, kufikira afika amene angathe kuubwezera m'kagundidwe kace.

Nkhani yathu yathera pamenepa. Mukaifotokozerenso anzanu amene sanamve, makamaka aphunzitsi ndi oyang'anira masewera a ana. Tsalani bwino nonse.